Tsiku Limene a Mulaviwa Anatsika pa Chulu

Mboni zanga ndi zinayi, ndipo ndizitchuliretu ndisanayambe, chifukwa kuno kwa Nazombe anthu ali ndi khalidwe loipa lonena kuti ine nkhani ndimaithira mchere. Yoyamba ndi apongozi anga aakazi, mai Feliya, amene sananamepo chibadwire, kupatula akafunsidwa zaka zawo. Yachiwiri ndi Sitolo wa kabaza ya njinga yamoto pa Chiringa, koma pomufunsa mukwere kaye, chifukwa salankhula injini ili chizimire. Yachitatu ndi nesi wina wa ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Dzina sindinafunse, koma ali ndi kampata m'mano ndipo atandiona lero akhoza kundikalipiranso. Yachinayi ndi malemu a Chikopa, kalipentala, amene analipo pa zonse ngakhale anali chigonere m'bokosi. Amenewa sanatsutsepo mawu anga ngakhale amodzi.

Nkhaniyi ndi ya apongozi anga aamuna, a Mulaviwa, amene tawaika m'manda mwezi wathawu. Anali mkulu wa adzukulu, okumba manda a m'mudzi muno, kuyambira kale ine ndisanabwere kudzakwatira mwana wawo. Anali munthu wamfupi. Ndikati wamfupi ndikunena kuti akalowa m'munda wa nandolo tinkawafunafuna pomvetsera kutsokomola. Chimene Mulungu anawamana ku miyendo anawabwezera kumutu. Tsitsi lawo linali loyera ngati thonje, lothithikana moti tsiku lina atagona pakhonde, nkhuku ya mai Feliya inaikiramo. Mazira awiri. Limodzi ndinadya ndine. Kuyambira pamenepo anagula chipewa, ndipo sankachivula kwa mfumu, kwa abusa, ngakhale kwa wapolisi. Ankachivulira maliro okha akamadutsa.

Ankakonda kunena kuti manda ndi nyumba yokhayo imene mwini wake sabwera kudzadandaula, ndiye womanga azidzidzudzula yekha. Ankanenanso kuti kulira aliyense amatha, ngakhale amene wapha amalira, koma chikondi chimaoneka ndi matuza m'manja. Ndipo anali ndi lamulo limodzi louma ngati makaka: wosapita ku maliro a anzake asayembekeze khasu la adzukulu. Chaka china munthu wina wobwera ku Joni, amene ankangotumiza ndalama ku maliro iye ali pa sofa, anaferedwa malume ake. A Mulaviwa anakumba mpaka m'mawondo, kenaka anauza anyamata onse kuti akhalire makasu awo. Anakhala. Munthu uja anavula jekete, nalowa m'dzenje ndi nsapato zake zosongoka, nakumba mpaka manja anasupuka. Kuchokera tsiku limenelo, belu la maliro likalira m'mudzi muno, ngakhale odwala mwendo amafika oyamba.

Mdani wawo wamkulu, amenenso anali bwenzi lawo lokhalo, anali a Chikopa aja. Iwowa anali aatali ngati bulugama, ndipo ndi amene ankakhoma mabokosi onse a maliro. Mkangano wawo unali wa bango. Kuno adzukulu amadula bango lolingana ndi womwalirayo, n'kupita nalo kumanda kuti likawauze pokumba. Koma a Chikopa pa bokosi lililonse ankawonjezera zala zinayi, ati munthu azikawongolako miyendo, ulendo ndi wautali. A Mulaviwa ankati zala zinayi zimenezo ndi kuba thukuta la adzukulu. Anatukwanirana zimenezi pa maliro onse amene ine ndinapitako, motsitsa mawu, nyimbo ili mkati. Mapeto ake a Mulaviwa anasiya kuyeza mtembo. Ankadikira bokosi lithe, n'kuyeza bokosilo ndi manja awo, osatuma munthu. Awiriwa anapangana pamaso pa anthu, chikho cha mowa chili pakati: akatsogola a Mulaviwa, a Chikopa adzakhoma bokosi laulere. Akatsogola a Chikopa, a Mulaviwa adzalowa okha m'dzenje kukasalaza khoma.

Matenda anabwera ngati mlendo waulemu. Mwanabere m'khosi, wina m'khwapa, osapweteka. Kenaka thukuta lonyowetsa mphasa, ndi lamba amene tinkangomuboola mabowo atsopano. Anamwa mankhwala a malungo, anayezedwa chifuwa chachikulu, anatemeredwa mphini ndi munthu wina amene ananena kuti akufa akuwakwiyira chifukwa chowapanikiza. Pomaliza anatitumiza ku Blantyre, kumene anadula kanyama pakhosi n'kutiuza kuti tidikire. Ine ndinapita ngati gadiyani, chifukwa pa banja lililonse pamafunika bulu, ndipo kuno buluyo amatchedwa mkamwini.

Dokotala anati ndi khansa ya m'magazi, mtundu umene umatupitsa mwanabere, ndipo mankhwala ake alipo, a m'diripu, olandira kangapo motalikirana masabata. Koma amene anatikhazika pansi n'kutiuza zoona zake ndi nesi wa kampata uja.

"Agogo, mankhwalawa ndi amphamvu, koma alibe maso," anatero. "Akamapha khansa amaphanso zina zosalakwa. Mudzamva mseru, tikupatsani mapilitsi ake. Chakudya chidzakoma ngati mukunyambita khasu. M'kamwa mukhoza kutuluka zilonda. Mkodzo ukafiira lero ndi mawa musathamange, ndi mtundu wa mankhwala. Ndipo tsitsi lidzathothoka."

A Mulaviwa anagwira chipewa ndi manja onse awiri. "Lonse?"

"Lonse. Lidzameranso tikamaliza. Koma mvetsetsani ichi, ndi inunso akamwini, siyani kuyang'ana kudenga. Ikadutsa sabata, asilikali a m'thupi amatsika kwambiri. Nthawi imeneyo chimfine cha mwana chikhoza kukuphani. Osalowa pagulu. Osagwirana chanza. Osagwira dothi, chifukwa kabala kakang'ono ndi khomo, ndipo magazi savuta kutuluka koma amavuta kusiya. Thupi likangotentha, musamwe panado n'kugona. Bwerani nthawi yomweyo, kaya kukugwa mvula ya miyala."

"Nanga maliro?"

"Makamaka maliro."

"Mwanawe, ukudziwa ntchito yanga?"

"Sindikudziwa, agogo. Koma mukapita ku maliro a anzanu masiku amenewo, mukakhala mukukaonera malo."

Diripu yoyamba inali yofiira ngati sobo. A Mulaviwa anaiyang'ana ikutsika dontho ndi dontho, nandinong'oneza kuti ngati azungu akuthira munthu magazi a nkhuku angonena poyera. Panjira yobwerera anasanza kuyambira pa Limbe mpaka pa Migowi, ndipo minibasi inafika ili yopepuka moti kondakitala anakweza anthu ena atatu. Izi Sitolo sanaone, koma anamva fungo.

Kunyumba mai Feliya anakhala msilikali. Anaika ndowa ndi sopo pakhomo, namanga chingwe kuchokera pa mtengo wa mango mpaka pa nkhokwe. Alendo ankaima kuseri kwa chingwe. Anthu anayamba kunong'ona kuti matenda a Mulaviwa ndi opatsirana, mpaka mai Feliya anaima pa chitsime n'kulengeza kuti khansa sipatsirana, oopsa ndi iwowo ndi mamina awo.

A Chikopa anabwera kudzazonda. Anaima pa chingwe, maso akuyenda kuchokera ku chipewa mpaka ku zala za kumapazi, milomo ikugwedera ngati akuwerenga.

"Chikopa, ukundiyeza?"

"Ndikungokuona, mnzanga. Wachepa."

"Ukawonjezere zala zako zinayizo, ndidzakudzukira."

Madzulo ake tinamva macheka akulira. A Chikopa anakhoma bokosi la matabwa a mkungudza amene anawasunga zaka zambiri, lalifupi, lokongola, nalibisa kuseri kwa zitseko zogulitsa. Mudzi wonse unadziwa. A Mulaviwa atamva anaseka mpaka zilonda za m'kamwa zinawaletsa.

Ndiye sabata yachiwiri ili kumapeto, masiku enieni amene nesi anawatchula aja, a Chikopa anagwa pa ntchito, randa yopalira matabwa ili m'manja. Pofika nawo pa msewu anali atapita.

Belu litalira m'mawa, a Mulaviwa anadzuka n'kuyamba kufunafuna khasu. Mai Feliya anali atalibisa m'nkhokwe, iwo n'kukhala pa makwerero.

"Feliya, khasu langa."

"Mukalitenge kwa nesi."

"Ndinalonjeza pamaso pa anthu."

"Inenso munandilonjeza pamaso pa abusa. Mukufuna tiike awiri sabata imodzi? Ufa ndiutenga kuti?"

"Ndinakhazika anyamata pa makasu chifukwa cha munthu wosapita ku maliro. Lero ndikhale pakhonde ine? Wa ku Joni uja akundiyang'ana."

Panalibe woseka. Inali nyengo ya chiperoni, mitambo itakwirira phiri la Michesi, ndipo mudzi wonse unali ndi chimfine. Kuchokera kumasiye tinkamva nyimbo ndi kutsokomola zikupikisana. Ine, pokhala mkamwini, ndinayenera kukhala chete, koma ndinatchula chulu. Kumanda kwathu kuli chulu chachitali chakumtunda, mbali imene mphepo ya pa mpata wa Fort Lister imachokera. Munthu ataima pamenepo amaona zonse, ndipo mpweya wa anthu supita kwa iye. Mai Feliya anavomera ndi mfundo zitatu: masiki kumaso, manja m'thumba, phazi lisatsike pa chulu. A Mulaviwa analumbira. Ine ndinaikidwa m'munsi mwa chulu ngati galu.

Cholakwika chinachitika iwo kulibe. Bokosi lamkungudza lija silikanakwana a Chikopa, ngakhale kuwapinda ngati mpeni, ndiye ana awo anayamba kukhoma lina. Anyamata athu, pofuna kuti ayambe kukumba msanga, anapita kumasiye n'kudula bango poyeza mtembo. Bokosi linali lisanathe. Ana a Chikopa anawonjezera zala zinayi monga anawaphunzitsira bambo awo, n'kuwonjezeranso zina zinayi za ulemu. A Mulaviwa pa chulu ankafuula za makoma ndi kuya kwa dzenje, ndipo anafunsa kawiri ngati bangolo layezedwa bwino. Anyamata anayankha kuti eya, osanama, chifukwa analiyezadi bwino pa munthu.

Masana maliro anafika. Bokosi likudutsa m'munsi mwa chulu, a Mulaviwa anavula chipewa monga mwa nthawi zonse. Tsitsi linatsagana ndi chipewacho. Sindikunena tsitsi pang'ono. Mphepo ya pa mpata inalinyamula lonse n'kulimwaza pamwamba pa anthu ngati thonje la pa msika, lina linakagwera pa Baibulo la abusa, lina m'kamwa mwa mayi woyambitsa nyimbo. Nyimbo inaduka. Kuno timameta maliro akatha, achibale atasonkhana. Anthu anayang'ana mutu uja ukuwala pa chulu, amayi ena n'kuyamba kubwerera m'mbuyo.

"Mukudabwa chiyani?" anatero a Mulaviwa kudzera m'masiki. "Mnzangayu ndamumetera kale. Inu ndi amene mwachedwa. Pitirizani nyimbo."

Nyimbo inapitirira, koma sinakhalitse. Potsitsa bokosi ndi zingwe, kumutu kunalowa, kumiyendo kunakana. Anayesa kulitembenuza. Linakana. Linangokhala chopendekeka pakamwa pa dzenje, anyamata atagwira zingwe.

Amene si wa kuno sangadziwe kulemera kwa chinthu chimenechi. Bokosi likakana kulowa, anthu sanena za bango. Amati womwalirayo akukana, pali amene wamudya. Mlongo wawo wa a Chikopa anaimirira, chitenje chili m'chiuno, n'kuloza mkazi wamasiye.

"Ndinanena ine! Munthu wabwinobwino angagwe bwanji ngati papaya? Mufunseni uyu!"

Achibale a mkaziyo nawonso anaimirira. Abusa anakweza Baibulo, koma palibe anawaona. Mnyamata wina anasiya chingwe n'kutola khasu, osati kuti akumbe. Mkazi wamasiye anangodziphimba kumutu.

Ndinamva dothi likugumuka kumbuyo kwanga.

"Bambo, munalumbira," ndinatero.

"Akamwini, patukani."

"Nesi anati chiyani? Auzeni anyamata muli pompo."

"Amva ndani m'phokoso ili? Ndipo ndinati ndidzalowa ndekha. Patukani, kapena mubwerere kwanu lero lomwe."

Kuno mkamwini amakhala pa dothi la eni ake. Ndinapatuka. Chimene ndinatha ndi kuthamanga patsogolo pawo ndikukuwa kuti aliyense wa chimfine apume cham'kati. Anthu anagawikana, koma ankatsokomola ndithu, mbali zonse ziwiri, ndipo kutsokomola kulikonse ine ndinkakumva ngati mfuti. Mai Feliya anali pakati pa amayi. Anangokhala pansi pamene anaimapo.

A Mulaviwa anatola bango, naligoneka pa bokosi. Bokosi linapitirira ndi chikhatho chathunthu ndi zala zina. Analikweza bangolo kuti onse aone.

"Mfiti yanu ndi iyi. Mwayeza munthu m'malo moyeza bokosi. Amayi inu khalani pansi, mlongo wanu sanadyedwe, anangophunzitsa bwino ana ake. Kwezani bokosi."

Analikweza. A Mulaviwa analanda khasu kwa mnyamata uja, natsikira m'dzenje, osaonekanso. Tinkangomva khasu, kenaka kupuma, kenaka khasu, kupuma kukunka kutalika. Anyamata awiri anafuna kulowa, a Mulaviwa anawabweza. Pakati pake tinamva mawu akutuluka pansi.

"Chikopa, wafa koma ukundibera thukuta."

Wina anaseka, kenaka manda onse anaseka, ngakhale mkazi wamasiye m'kati mwa chitenje. Bokosi linalowa ngati dzanja m'thumba. Koma powakoka a Mulaviwa, ndinaona kuti muzu unawakanda padzanja. Kabala kake mwana sangalire nako. Magazi ankangoyenda. Tinamanga mpango, unanyowa. Tinamanga wina. Magazi anasiya dzuwa litapendeka.

Tsiku lotsatira anadzuka bwino, nanyoza nesi, nadya phala. Masana ndinawapeza ali padzuwa, atafunda mabulangete awiri, mano akugundana moti nkhuku zinabwera kuyesa wina akusinja chimanga. Kachipangizo koyezera kutentha kamene anatipatsa ku chipatala kanakwera kupitirira pamene nesi anatilembera.

"Ndi mphepo ya dzulo," anatero. "Feliya, panado. Mawa kuli kumeta, ku chipatala ndipita mkuja."

Mai Feliya anali atatsegula kale kabotolo. Anayang'ana ine, ine ndinayang'ana iwo. Anakatsekanso.

"Akamwini, kaitaneni Sitolo. Awa akakana, amangeni."

Tinawamangadi, ndi chitenje, kumsana kwa Sitolo, ine kumbuyo. Thupi lawo linkatentha moti batani la malaya anga linafewa, ndipo malayawo ndikadali nawo. Sitolo anayendetsa njinga tsiku limenelo moti mbuzi ina pa msewu tinaidutsa isanaganize zowoloka. Pakati pa njira mutu wa a Mulaviwa unagwera pa phewa. Ndinawaitana, osayankha. Ndinawauza kuti a Chikopa akuti manda ndi okhota. Anadzutsa mutu pang'ono n'kunena kuti wabodza. Ndinawatukwanitsa choncho mpaka pa chipatala cha boma, kumene anawaika diripu ya mankhwala opha tizilombo n'kutikweza ambulansi ya ku Blantyre.

Nesi wa kampata anatilandira. Anayang'ana dzanja lotupa, nayang'ana ine.

"Akamwini, ndinati chiyani?"

"Munati makamaka maliro."

"Ndiye anapita?"

"Anangolowako m'manda pang'ono."

Zimene ananena pamenepo sindingalembe, ana amawerenga. Koma anawonjezera kuti tikanadikira mpaka mawa, tikanabwera kudzatenga kalata ya imfa yokha. Masiku otsatira a Mulaviwa sankadziwa munthu. Anawathira magazi, anasintha mankhwala, dokotala ankayankha mafunso anga ndi mapewa. Ine ndinkagona pansi pa bedi n'kumamvetsera ngati akupuma. M'mawa wina ndinamva chala chikundigogoda pamutu.

"Akamwini. Mtumbira wa Chikopa sunatitimire?"

Ndinatuluka panja kukalira, chifukwa mkamwini salira pamaso pa apongozi.

Anamaliza madiripu onse. Miyezi imeneyo kunagwa maliro ena, ndipo sanapiteko. Adzukulu ankabwera ndi bango pa chingwe cha mai Feliya, iwo n'kufunsa ali pakhonde ngati ayeza bokosi kapena munthu, ndipo zimenezo zinkawerengedwa kuti apita. Lamulo lawo analipinda okha: wodwala amene waletsedwa ndi chipatala asakhaliridwe khasu. Wa ku Joni uja ndi amene anayamba kuwomba m'manja. Tsitsi linameranso, lakuda bii, moti mai Feliya anasiya kuwatuma okha ku chigayo.

Ana a Chikopa anabweretsa bokosi lamkungudza lija pa ngolo, ati pangano la bambo awo. A Mulaviwa analiika pabalaza, pa njerwa zinayi, n'kumasungiramo nandolo, ati anankafumbwe amaopa fungo lake. Alendo ankakhalira pomwepo osadziwa, iwo n'kuwauza atamaliza kumwa tiyi. Anakolola nandolo katatu. Chaka chino mwanabere anabweranso, ndipo ulendo uno mankhwala sanagwire. Sanadandaule. Anangotiuza kuti tikhuthule nandolo nthawi ikadalipo, ndipo tiyeze bokosi.

Tinayeza bokosi. Linalowa osakhudza khoma. M'kati, kumapazi kwawo, kunatsala malo, ndipo ndinaikapo dzanja langa anthu asanatseke. Zala zinayi.

Pabalaza pano patsala njerwa zinayi zija. Pakati pake simenti ndi yoyera kuposa pena ponse, ndipo mai Feliya akamasesa amazungulira. Nandolo ali m'matumba pakona, anankafumbwe alowa kale. Chipewa tinachipachika pa msomali pamwamba pa njerwazo, koma chinagwa, ndipo palibe amene anafuna kuchitola. Dzulo m'mawa ndapezamo dzira. Silinadyedwe, lili pomwepo, aliyense wokayika abwere adzaone.